Kuona zilumba uli m'mwamba: mafunso ndi mayankho pa ulendo wa helikopita

Ambiri amene amakwera helikopita kukaona zilumba za kumadera otentha amakwera kamodzi kokha pa moyo wawo. Ndalama yake njambiri, nthawi yake njochepa, mwina osakwana n'komwe ola limodzi, ndiye munthu amafuna kuti zonse zilongosoke pa ulendo umodzi womwewo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri. Pa nkhani ya mitambo ndachulutsa mawu, ndipo ndachitira dala, chifukwa mitambo ndi imene imagamula ngati muone chimene mwalipirira, komanso ngati mubwereko bwino.

Kodi n'koyenera kulipira ndalama zonsezi pamene boti ndi galimoto zilipo?

Zimadalira chilumbacho. Pali zilumba zimene kukongola kwake kuli m'mbali mwa msewu, ndipo pali zina zimene zinabisa zabwino zake kumene tayala silinapondeko. Kauai, ku Hawaii, ndi chimodzi mwa zobisazi. Gombe lake la Nā Pali ndi makoma a mapiri obiriwira otsika kuchokera pa mamita pafupifupi 1,200 mpaka kukamira m'nyanja. Msewu kulibe, ndipo woyenda pansi amayenera kupirira makilomita 18 a njira ya Kalalau. Pakati pa chilumbacho pali phiri la Waialeale, amodzi mwa malo amvula kwambiri padziko lonse, kumene pachaka kumagwa mvula yoposa mamilimita 9,000, ndipo mathithi amatsetsereka m'makoma ake ngati ulusi woyera. Ku Réunion, m'nyanja ya Indian, kuli chigwa cha Mafate chozunguliridwa ndi mapiri, mmene muli midzi ya anthu koma mulibe msewu wa galimoto ngakhale umodzi: anthu amalowa wapansi, katundu wolemera amabwera pa helikopita. Ku Molokai, chilumba china cha ku Hawaii, kuli maphompho a m'mphepete mwa nyanja otalika mamita pafupifupi 1,000.

Palinso zinthu zimene uli pansi sungazizindikire n'komwe. Kumwera chakumadzulo kwa Mauritius, pafupi ndi phiri la Le Morne Brabant, kuli chimene anthu amati mathithi a pansi pa nyanja. Si mathithi enieni ayi, ndi mchenga umene madzi amaukokolola kupita nawo kozama, koma kuchokera m'mwamba zimaoneka ngati nyanja yonse ikugwera m'dzenje. Wa paboti amadutsa pomwepo osaona kanthu. N'chimodzimodzi ndi Heart Reef ku Australia, thanthwe la makorali looneka ngati mtima, lotambalala mamita 17 okha, ndiponso Great Blue Hole ku Belize, dzenje lozungulira la m'nyanja lotambalala mamita oposa 300. Pa chilumba cha Montserrat, ku Caribbean, tauni ya Plymouth inakwiririka ndi phulusa ndi matope phiri la Soufrière Hills litayamba kuphulika mu 1995, ndipo mahelikopita ochokera ku Antigua amapita ndi alendo kukaona madenga otsalira.

Koma ngati chilumba chanu n'chathyathyathya, chabwino chake chili pamchenga ndi m'madzi, sungani ndalama yanu. Ku Maldives alendo ambiri amapita ku mahotela akutali pa ndege zotera pamadzi, ndipo ulendo womwewo umawaonetsa kale tizilumba tonse tili m'munsi.

Nthawi yabwino yonyamuka ndi iti?

Pa zilumba zamapiri, m'mawa. Dzuwa likamakwera limatenthetsa nthaka, mpweya wachinyontho wochokera kunyanja umakwera m'mapiri, umazizira, n'kusanduka mtambo. Phiri limene linali mbee 7 koloko limatha kukhala litafunda pofika 11 koloko. N'chifukwa chake ku Réunion maulendo ambiri amanyamuka mamawa kwambiri, ndipo alendo amadzuka kukadali mdima. Mphepo nayo imakhala isanalimbe m'mawa, choncho helikopita sigwedezeka kwambiri.

Sikuti m'mawa mulibe chotaya. Zigwa zakuya zimakhala zili mumthunzi dzuwa lisanakwere, ndipo gombe la Nā Pali, loyang'ana kumpoto chakumadzulo, limawala bwino masana ndi madzulo. Amene akufuna kuona makorali ndi mitundu ya madzi amapindula dzuwa likakhala pamwamba, chifukwa kuwala kumalowa m'madzi m'malo mongothwanima pamwamba pake. Ndiye dzifunseni kaye chimene mukupitira. Ngati ndi mapiri ndi mathithi, nyamukani m'mawa. Ngati ndi nyanja, chapakati pa tsiku. Mukakayika, sankhani m'mawa: kuli bwino kuona phiri lili mumthunzi kusiyana ndi kuona mtambo wokhawokha.

Ndisungitse malo a tsiku liti pa masiku anga a pachilumba?

Tsiku loyamba kapena lachiwiri, osati lomaliza. Nyengo ikasokoneza mumakhala ndi masiku ena osunthirako. Komanso mukaona chilumba chonse m'mwamba poyamba, masiku otsatirawo mumayenda ngati munthu wodziwa malo, mukudziwa gombe limene mufuna kukafikako ndi chigwa chimene mufuna kukayendamo.

Pali chifukwa china chimene anthu sachitchula. Mlendo amene ndege yake yobwerera kwawo ndi ya mawa amakhala ndi mtima wofuna kuuluka zivute zitani, ndipo amayamba kuchonderera kapena kukalipa akauzidwa kuti lero sizitheka. Musadziike pa malo oterowo.

Nanga miyezi yabwino?

Kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, kumene kuli Mauritius ndi Réunion, ndiponso kumwera kwa Pacific, kumene kuli Fiji, nyengo ya anamondwe ndi ya Novembala mpaka Epulo. Ku Caribbean ndi ku Hawaii ndi ya Juni mpaka Novembala. Sikuti miyezi imeneyi kumavumba tsiku lililonse, koma mwayi woti ulendo ulephereke umakula. Komabe walira mvula walira matope: amene akufuna mathithi odzaza ayenera kuvomera mitambo, chifukwa m'chilimwe mathithi ena amatsala kamzere chabe. Okonda anangumi adziwe kuti ku Hawaii amabwera Disembala mpaka Epulo, ku Réunion Juni mpaka Okutobala. Ku Hawaii lamulo limaletsa ndege kuwayandikira kuposa mafiti 1,000, omwe ndi mamita pafupifupi 300, choncho mudzawaona patali.

Kodi maulendo amenewa ndi otetezeka?

Ochuluka zedi amanyamuka n'kutera popanda chovuta, koma ngozi zimachitika, ndipo kukubisirani kungakhale kukulakwirani. Chimodzi mwa zimene zapha anthu mobwerezabwereza pa zilumba zamapiri ndi kulowa mumtambo. Maulendo okaona malo amadalira maso: woyendetsa ayenera kumaona nthaka ndi mapiri nthawi yonse. Akangolowa mumtambo, thupi limayamba kumunamiza, sadziwanso ngati wapendekeka kapena ali chilili, pamene khoma la phiri lili pafupi. Pa 26 Disembala 2019 helikopita ya mtundu wa AS350 inagwa m'mapiri a Kauai n'kupha anthu 7, woyendetsa ndi alendo 6. Bungwe lofufuza ngozi ku United States, la NTSB, linapeza kuti woyendetsayo anapitiriza ulendo n'kulowa m'nyengo imene sakanatha kuona kutsogolo. Sanali wophunzira kumene. Anali munthu wa zaka zambiri pa ntchitoyo.

Ndimaibwereza nkhaniyi chifukwa imasintha mmene munthu amasankhira kampani. Ambiri amayamikira kampani imene inawaulutsa ngakhale kunja kunali koipa, n'kudandaula ndi imene inawabweza. Ine ndimaona mosiyana. Kampani imene imalepheretsa maulendo kukachita mitambo, n'kubweza ndalama popanda kukangana, ndi imene ndingaipatse mwana wanga. Woyendetsa akatembenuka pakati pa njira, kapena akadumpha chigwa chimene munachiona pa chithunzi, wagwira ntchito yake. Musamupemphe kuti ayeseko pang'ono, musamupemphe kuti atsike pafupi ndi mathithi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndingaidziwe bwanji kampani yodalirika?

Safunsa anadya phula. Imbani foni kapena lembani, ndipo mvetserani mmene akuyankhira, osati yankho lokha. Ku Hawaii ndi kwina kumene kumagwira malamulo a United States, funsani ngati ali ndi satifiketi ya Part 135 yochokera ku FAA, bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo. Malamulo ake pa maphunziro a oyendetsa, kukonza ndege ndi maola opuma ndi okhwima kuposa a Part 91, amene amalola maulendo afupiafupi osapitirira mamailosi 25 kuchokera pabwalo. M'mayiko ena funsani za chiphaso chonyamulira anthu, chotchedwa AOC, choperekedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo. Malipoti a ngozi a NTSB ali pa intaneti, aliyense akhoza kuwawerenga.

Kenako funsani zinthu za tsiku ndi tsiku. Ndani amagamula kuti lero sitiuluka, woyendetsa kapena a ku ofesi? Woyendetsayo wauluka pa chilumba chimenechi nthawi yaitali bwanji? Funso limeneli n'lofunika, chifukwa mphepo ya m'zigwa za chilumba chilichonse ili ndi khalidwe lakelake. Helikopita ili ndi zoyandamitsa? Kampani yabwino imayankha mafunso amenewa mosavutika, chifukwa inawamvapo kambirimbiri. Imene ikuzungulira kapena kunyansidwa, isiyeni.

Injini itazima tili m'mwamba, sitigwa ngati mwala?

Ayi. Injini ikazima, woyendetsa amasiya helikopita kuti iyambe kutsika, ndipo mpweya wodutsa m'mapiko kuchokera pansi umawazunguzabe, mofanana ndi njere yamapiko imene imatsika mumtengo ikuzungulira. Akayandikira pansi amagwiritsa ntchito mphamvu ya kuzungulirako pochepetsa liwiro. Woyendetsa aliyense amaphunzira zimenezi asanalandire laisensi. Vuto la pachilumba ndi poti uterepo, chifukwa m'munsi muli nyanja, nkhalango kapena phompho. N'chifukwa chake ku Hawaii, kuyambira mu 1994, pali malamulo apadera: maulendo okaona malo asatsike kuposa mafiti 1,500, mamita pafupifupi 460, pokhapokha ataloledwa, ndipo helikopita ya injini imodzi ikamadutsa pamwamba pa nyanja iyenera kukhala ndi zoyandamitsa, apo ayi aliyense avale jekete yoyandamitsa.

Za jeketeyo kumbukirani chinthu chimodzi: musaifufumitse muli m'kati. Tulukani kaye. Jekete yofufuma imakukanikizirani kudenga madzi akalowa.

Mtundu wa helikopita uli ndi kanthu?

Uli ndi kanthu, makamaka pa nkhani ya windo. Robinson R44 imanyamula alendo 3 ndipo aliyense amakhala pawindo. MD 500 imanyamula 4, ndipo ndi imene makampani ambiri amaichotsa zitseko. Airbus H125, yomwe kale inkatchedwa AS350, imatha kunyamula alendo 6, anayi mwa iwo pa mpando wakumbuyo, kutanthauza kuti awiri amakhala pakati n'kumasuzumira pa mapewa a anzawo. H130 ndi yotakasuka, ya magalasi aakulu, ndipo pulopela yake yakumchira inatsekeredwa m'kati mwa mchira, zimene zimachepetsa phokoso. Ngakhale mu imeneyi mipando yapakati ilipo. Musanalipire funsani mtundu wake ndi mmene mipando inakhalira, chifukwa chithunzi cha pa intaneti chimajambulidwa pa mpando wabwino kwambiri.

Ndisankhe ya zitseko kapena yopanda zitseko?

Yopanda zitseko imakoma kwa wojambula: palibe galasi lothwanima, palibe chotchinga. Koma mphepo yake ndi ya liwiro loposa makilomita 150 pa ola, kumazizira, ndipo mvula imakupezani. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndiye malaya a pagombe sathandiza. Chilichonse chosamangirira, kaya chipewa, kaya foni, kaya nsapato yongopisa, chikhoza kuuluka n'kukamenya pulopela yakumchira.

Funsani za malamba. Pa 11 Malichi 2018 helikopita yopanda zitseko inagwera mumtsinje wa East River ku New York n'kugadabuka. Woyendetsa anatuluka, koma alendo onse 5 anamira chifukwa analephera kumasula zingwe zowonjezera zimene anawamanga nazo. Zitatero, FAA inaletsa maulendo opanda zitseko ogwiritsa ntchito zomangira zosamasuka msanga. Musananyamuke, yesani kumasula lamba wanu nokha, ndi dzanja limodzi, osayang'ana. Ngati simungathe, nenani injini isanalire.

N'chifukwa chiyani amatikweza pa sikelo?

Si chipongwe. Helikopita ili ndi malire a kulemera, ndipo katundu wake ayenera kugawidwa molingana kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali kuti iwongoleke bwino. Mu R44 mpando umodzi sunyamula kuposa makilogalamu 136. Mpweya wotentha wa m'madera amenewa ndi wopepuka, ndipo umachepetsa mphamvu ya injini ndi ya mapiko, choncho makilogalamu ochepa amawerengedwa. Nenani kulemera kwanu kwenikweni posungitsa malo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: amene amachotsera makilogalamu 10 pa foni amadzapezeka pa sikelo, pamaso pa anthu, ndipo ena amatsala. Makampani ena amalipiritsa mpando wachiwiri kwa amene apitirira mulingo wawo, ndiye dziwiranitu.

Ndingasankhe pokhala?

Kawirikawiri ayi, chifukwa sikelo ndi imene imagawa mipando. Ena amagulitsa mpando wakutsogolo pa mtengo wowonjezera, koma nawonso umadalira kulemera. Ku Kauai maulendo ambiri amazungulira chilumba motsata mmene muvi wa wotchi umayendera, choncho maphompho a Nā Pali amakhala kudzanja lamanja, ngakhale oyendetsa ambiri amatembenuza ndege kuti mbali zonse zione. Ngati muli awiri kapena atatu ndipo windo ndi nkhani yaikulu kwa inu, kubwereka helikopita yaing'ono yanuyanu kumathetsa zonsezi.

Mitengo ndiiyerekeze bwanji?

Werengerani mphindi zimene mukhale m'mwamba, osati nthawi yonse yolembedwa pa chikalata, chifukwa ena amaphatikizamo ya kulembetsa, ya malangizo ndi ya galimoto yokutengani ku hotela. Gawani mtengo ndi mphindi zimenezo, mudzaona wotchipa weniweni. Ulendo wa mphindi 15 umakwanira chinthu chimodzi, monga mathithi a pansi pa nyanja aja mukanyamukira pafupi. Kuzungulira Kauai kumafuna pafupifupi ola. Funsani ngati msonkho, ndalama ya mafuta ndi ya pabwalo zili kale mu mtengowo. Kenako werengani malamulo a kulepheretsa ulendo: nyengo ikaipa amabweza ndalama yonse kapena amangosuntha tsiku? Akafupikitsa ulendo amabweza gawo? Inuyo mukasintha maganizo muyenera kunena kutatsala maola angati? Onaninso inshulansi yanu ya paulendo, chifukwa ina siikhudza maulendo a pa helikopita.

Maulendo otera penapake, pa mathithi kapena pa kachilumba ka mchenga, ndi odula koma amasintha zambiri: injini ikazima mumamva madzi ndi mbalame. Ku Kauai kuli mathithi a Manawaiopuna, amene anatchuka ndi filimu ya Jurassic Park ya mu 1993. Ali pamalo a eni ake, choncho si kampani iliyonse imene ingatereko.

Ndimachita nseru m'galimoto. Ndipirira? Nanga ana ndi amayi oyembekezera?

Idyani pang'ono, osati kudya kwambiri, osatinso kupita ndi njala, ndipo mowa usiyeni kuyambira dzulo lake. Mankhwala a nseru ya paulendo amwedwe pafupifupi ola limodzi musananyamuke. Mukadikira kuti nseru iyambe mwachedwa. Yang'anani patali, pamene nyanja yakumana ndi thambo. Chimene chimadwalitsa ambiri ndi kuyang'anitsitsa mu kamera kapena pa foni nthawi yaitali. Mukayamba kumva thukuta lozizira, uzani woyendetsa kudzera pa mahedifoni, akhoza kuchepetsa kukhota.

Malamulo a ana amasiyana. Makampani ena amalola mwana wosakwana zaka 2 pamiyendo, ena amafuna kuti aliyense akhale ndi mpando wake, ndipo opanda zitseko amakhala ndi malire a zaka okwererapo. Mayi woyembekezera, ndi aliyense wa vuto la mtima kapena la makutu, ayambe waonana ndi dokotala.

Dzulo ndinasambira pansi pa nyanja ndi thanki ya mpweya. Lero ndingauluke?

Apa samalani, chifukwa ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la ndege zikuluzikulu zokha. Mukamira ndi thanki, mpweya wa nayitrojeni umalowerera m'thupi, ndipo mukakwera m'mwamba usanatuluke umatha kupanga thovu m'magazi ndi m'mfundo. Bungwe la Divers Alert Network, loona za chitetezo cha osambira pansi pa nyanja, limalangiza kudikira maola osachepera 12 mutamira kamodzi, ndi 18 mutamira kangapo kapena masiku otsatizana. Ambiri amangodikira 24. Helikopita yodutsa pamwamba pa mapiri a Réunion, kumene phiri la Piton des Neiges ndi lotalika mamita oposa 3,000, imakwera kokwanira kuyambitsa vutoli. Njira yapafupi ndi kuuluka kaye, kumira pambuyo.

Ndivale chiyani, ndijambule bwanji?

Zovala zakuda kapena zodera, chifukwa zoyera ndi zamaluwamaluwa zimaoneka pagalasi n'kuwononga zithunzi zanu ndi za anzanu. Nsapato zotseka, tsitsi lomanga, zikwama zitsale pansi. Pa kamera ikani shutter yothamanga, 1/1000 kapena kuposa, ndipo lenzi isagunde galasi chifukwa ndege imanjenjemera. Ndikupempheni chinthu chimodzi: pa mphindi zina ikani kamera pamiyendo, muone ndi maso anu. Pabwalo yendani kumene akulozerani okha, kutsogolo kumene woyendetsa akukuonani. Kumchira musapiteko, pulopela ikamazungulira sioneka. Chipewa chikauluka, chisiyeni.

Kodi ndidzaona chiphalaphala chamoto?

Palibe angakulonjezeni. Kīlauea, phiri lamoto la pa chilumba chachikulu cha Hawaii, inatulutsa chiphalaphala pafupifupi mosalekeza kuyambira 1983 mpaka 2018, chaka chimene inawononga nyumba zoposa 700, ndipo zithunzi zambiri zotsatsira malonda ndi za nthawi imeneyo. Kuchokera pamenepo imaphulika n'kumaleka. Piton de la Fournaise ya ku Réunion nayo imadzuka n'kugonanso. Onani malipoti a bungwe loyang'anira phirilo sabata yomwe mukupitayo.

Anthu okhala pa zilumbazi amaliona bwanji phokoso?

Ambiri limawasowetsa mtendere, ndipo ali ndi chifukwa. Kwa inu ndi ola limodzi, kwa wokhala pansi pa njira ya ndege ndi tsiku lililonse, kuyambira m'mawa. Ku United States lamulo la mu 2000 linalamula kuti maulendo odutsa pamwamba pa mapaki a boma akhale ndi ndondomeko, ndipo pambuyo pake maulendo a pamwamba pa mapaki a ku Hawaii a Haleakalā ndi Hawaiʻi Volcanoes anachepetsedwa. Malo ena ndi olemekezeka kwa eni ake. Le Morne Brabant, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2008, linali pobisalira akapolo othawa, ndipo zidzukulu zawo zimalikumbukira motero. Sankhani helikopita ya phokoso lochepa ngati ilipo, ndi kampani yotsata njira zovomerezeka.

Masiku onse alepheretsa ulendo wanga. Nditani?

Landirani ndalama yanu, musathamangire kampani ina imene yavomera kuuluka pamene anzake akana. Zambiri zikhoza kuonekabe. Ku Kauai msewu umafika pa malo oonerapo Waimea Canyon, chigwa chakuya mamita pafupifupi 900, n'kupitirira mpaka pamwamba pa chigwa cha Kalalau, ndipo maboti amayenda m'mbali mwa Nā Pali, makamaka miyezi ya pakati pa chaka pamene nyanja yakumpoto imadekha. Ku Mauritius mukhoza kukwera Le Morne wapansi. Ku Réunion galimoto imafika ku Maïdo, pa mamita pafupifupi 2,200, pamene Mafate yense ndi midzi yake amaoneka pansi pa mapazi anu. Kumenekonso mukafike dzuwa likungotuluka, chifukwa mtambo umene unatsekereza helikopita uja umafikanso pamenepo.